Mwala Umene Bwana Walter Anandituma ku Chipululu

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mutu uno ndi wa ulendo umodzi wokha umene abwana anga anandituma kutali popanda ntchito yokagwira kumeneko. Muwerenge pang'onopang'ono. Pamene Chichewa chakukanikani mufunse amayi anu, musafunse foni.

Chaka choyamba, ku Landover

Ntchito yanga yoyamba kuno ku America ndinaipeza pa bwalo lokonzera miyala yomangira ku Landover, kuseri kwa nyumba zosungira katundu. Ndinali nditangotha miyezi iwiri chifikireni, ndikugona pa mpando m'nyumba ya munthu wa kumpingo ku Wheaton. Sukulu yanga inali ya kumudzi, yolekera sitandade eyiti, ndipo Chingerezi changa chinali cha m'buku. Kalata yopempha ntchito ndinkatha kulemba, koma munthu akandiyankhula mofulumira ndinkangomwetulira. Chimene ndinkachidziwa bwino ndi mwala wa laimu. Kwathu ku Balaka ndinakula ndikuphwanya miyala imeneyi m'phiri ndi kuiwotcha mu uvuni pamodzi ndi bambo anga, mpaka isanduke ufa woyera wopakira nyumba.

Mwini bwalolo anali a Walter, mzungu wamtali wa manja ngati mafosholo. Kalata yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandipatsa nyundo n'kuloza miyala itatu imene inali pansi. "Umodzi mwa iyi ndi wong'ambika mkati. Uti?" Ndinagogoda woyamba, unalira ngati belu la kutchalitchi. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unangoti phu, ngati dzungu. Ndinauloza. Anati ndiyambe mawa lake, ine n'kuti, "Inde bwana." Anati, "Pano palibe bwana, dzina langa ndi Walter." Ine n'kuti, "Inde bwana." Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu. Dzina la munthu wamkulu lopanda kanthu kutsogolo linandikanika kutchula, ndipo anzanga a pa bwalo, pofuna kundiseka, anayamba nawonso kuwaitana Bwana Walter. Dzinalo linakanirira mpaka iwo eni analeka kudandaula.

Nyumba zambiri zakale za mu Washington ndi za mwala wa laimu, ndipo ntchito yathu inali kuzitsuka, kuchotsa miyala yowonongeka ndi kuikamo yatsopano. Ine ndinali wa pa nsanja: kutsuka khoma, kumata mipata, kulandira mwala ukamakwezedwa. Ndinkafika woyamba, ndinkachoka womaliza, ndipo sindikumbukira kuti ndinakanapo chimene ndatumidwa. M'chaka changa chachitatu miyala imene tinkaitanitsa ku Indiana inachedwa nyengo yonse ya chisanu, ntchito inaima, anthu anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Ine a Walter anandisunga. Ndinkasesa bwalo losesedwa kale, kunola zida zonoledwa kale, iwo akunamizira kuti sakuona kuti palibe chochita. Iwe Tadala unali ndi miyezi inayi nthawi imeneyo. Zimenezo munthu saiwala.

Pa nkhomaliro ankakonda kutola chidutswa cha mwala, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kupaka. "Taona, Lameki. Tizigoba. Mwala uwu unali pansi pa nyanja." Akatero ankayamba nkhani yawo ya masiku onse. Ali msilikali wachinyamata ku Texas anakwera phiri lina pakati pa chipululu, phiri lonse la zigoba za m'madzi, kumalo kumene kulibe ngakhale chithaphwi. Ine mumtima ndinkati azungu nawonso ali ndi nthano zawo. Pakamwa ndinkati, "Inde bwana."

Chaka cha khumi ndi chimodzi, mwezi wa Seputembala

Fumbi la miyala linawadya mapapo a Walter. Chaka chimenecho analeka kubwera ku bwalo, ndipo Loweruka lina anandiitana kunyumba kwawo ku Rockville. Ndinawapeza pa mpando, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, thupi lonse litatha, manja okha ali aakulu monga kale. Akazi awo, Mayi Ruth, anandipatsa envelopu. Munali matikiti awiri a ndege opita ku El Paso.

"Zaka zonsezi wakhala ukundivomera nkhani ya phiri lija koma sunaikhulupirire," anatero a Walter. "Ndimakuona m'maso. Pita ukaone wekha." Anapuma kaye kuti mpweya ubwerere. "Ndipo undibweretsere mwala umodzi. Waung'ono, wokwana m'dzanja, wokhala ndi chigoba chathunthu. Ndinali wopusa nthawi ija, ndinabwerako chimanjamanja. Ndikufuna ndiugwire."

"Inde bwana," ndinatero, ndipo ulendo uno ndinanena ndi mtima wonse. Inu mwakulira kuno, mwina simudziwa kulemera kwa pempho la wodwala. Kwathu wodwala akati ndikufuna usipa, munthu amapalasa njinga tsiku lonse kukaufuna, ngakhale akudziwa kuti akangolawa kamodzi n'kusiya. Ndiye apa panali munthu amene anandisunga pa nthawi ya chisanu, akupempha mwala. Mwala chabe! Ndinatuluka m'nyumbamo ndikumva ngati ndapatsidwa udindo wa kazembe.

Amayi anu sakanatha kusiya ntchito yawo yosamalira okalamba komanso inu awiri, ndiye tikiti yachiwiri inapita kwa a Tembo, mnzanga wa kumpingo wochokera ku Lusaka, amene ankayendetsa malole ndipo misewu ya ku Texas ankaidziwa. A Tembo ndi munthu woyankhula kuposa wailesi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma. "Ba Lameki, banzanu bayenda ku Florida kuona nyanja, imwe mukwela ndeke kukaona myala? Myala yamene muona daily ku nchito?" Komabe chikwama analongedza tsiku lomwelo.

Ine ndinakonzeka mwa njira imene ndinkaidziwa. Kwathu mwala sugulidwa, koma sutoledwanso mwakachetechete pa malo a eni. Bambo anga akafuna kukumba pa malo atsopano ankapita kwa eni mundawo, kukhala pansi, kupereka kanthu kam'manja, n'kupempha. Sindinamvepo kuti munthu wapempha mwala mwaulemu n'kumanidwa. Ndinadziwa kuti phirilo lili m'paki ya boma, ndiye ndinati kumeneko payenera kukhala munthu woyang'anira, ndikamuona ameneyo. Amayi anu anakazinga mtedza, ine ndinatenga paketi ya tiyi wa ku Thyolo imene tinkasungira alendo, tinakulunga zonse mu pepala labwino. Mawu okapemphera ndinawalemba pa kakhadi n'kumawaloweza m'basi popita ku ntchito. A Tembo sindinawauze kanthu, chifukwa ndinkaona kuti ndi chinthu chodziwika kwa munthu aliyense woleredwa bwino.

Mwezi wa Okutobala, tsiku loyamba m'chipululu

Ana anga, dziko ili ndi lalikulu. Titatuluka mu El Paso pa galimoto yobwereka, nyumba zinatha, mitengo inatha, panangotsala msewu wowongoka ndi thambo. Zomera zake zinali zaminga, zina ngati khonje wa kwathu, zili patalipatali ngati zinakangana. Kenako kumbali kwa msewu kunayamba kuyera mbee. Ndinafunsa ngati ndi chisanu. "Ni mchele uyo, mudala," anatero a Tembo. Mchere, wangoyalidwa pansi kufika kumene maso alekezera, wopanda munthu woukolola! Ndinawapempha kuti aime, ndinatsika, ndinaima m'mphepete mwa msewu ndikuseka ndekha.

Ndiye phiri lija linatulukira. Poyamba linkaoneka ngati mtambo wakhala pansi. Tikuyandikira, linasanduka khoma loyera loima chilili, lakuthwa kutsogolo ngati mphuno ya sitima ya pamadzi, lalitali moti nyumba zonse zimene ndinakwerapo pa nsanja, kuzisanjikiza pamodzi, sizikanafika m'chiuno mwake. Awa ndi mapiri a Guadalupe. Ndinazindikira mwala wake ndili patali, monga umazindikirira mayendedwe a m'bale wako pa gulu. Unali laimu, phiri lonse. Ine amene ndinakula ndikuufukula ndi chitsulo pang'onopang'ono, wilibala imodzi pa tsiku! Ndinagwira a Tembo pa mkono mwamphamvu mpaka galimoto inakhotera kumbali. "Onani! A Tembo, onani!" Iwo anati, "Naona, naona, nisiyeni niyendese! Zaka zonse izi ninali kuganiza mulibe mau."

Pa khomo la paki panali kanyumba kolandirira alendo. A Tembo atapita kuchimbudzi, ine ndinaona kuti nthawi yabwino ndi imeneyi. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wachitsikana wa yunifolomu, chipewa chake chachikulu chili pambali. Ndinavula chipewa changa, ndinapinda maondo pang'ono, ndinaika phukusi lija pa tebulo ndi manja awiri, n'kuyamba mawu anga oloweza. Ndinanena dzina langa, kumene ndachokera, ntchito yanga, matenda a abwana anga, ndi kuti ndabwera kudzapempha mwala umodzi waung'ono, ndipo kanthu aka ndi kongoti manja asakhale opanda kanthu. Mayiyo anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Pepani kwambiri, bambo," anatero mofatsa. "Muno simuchoka kanthu. Ngakhale kamwala, ngakhale tsamba."

Ndinaganiza kuti mwina iye ndi wamng'ono pa udindo. "Nanga mwini wake wa phirili ndingamupeze kuti, ndikapemphe kumeneko?"

"Mwini wake ndi aliyense. Ine, inu, ana amene sanabadwe. N'chifukwa chake palibe amene angakupatseni."

Nthawi yomweyo a Tembo analowa akupukuta m'manja, anaona phukusi pa tebulo, anaona yunifolomu, nkhope yawo inasintha. "Ba Lameki! Muchita chani? Ni nchekelako iyo! Aba ni ba boma, bazatimanga tonse babili!" Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mphatso yanga ingaoneke ngati chiphuphu, ine amene mapepala anga opempha unzika anali ku ofesi ya boma mwezi womwewo. A Tembo anayamba kufotokoza m'Chingerezi chothamanga kuti mnzawoyu ndi wakumudzi, ndi munthu wabwino, amaimba kwaya. Mayi uja anafunsa kuti m'phukusimo muli chiyani. Nditanena kuti mtedza ndi tiyi, anaseka mpaka misozi, koma kuseka kopanda chipongwe. Analikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. "Sindiloledwa kulandira. Koma zaka zonse ndakhala pano, ndinu woyamba kupempha. Ena amangotenga." Anatenga mapu, najambula mzere ndi cholembera. "Mawa m'mawa mutsate mtsinje wouma uwu mpaka kumapeto. Munthu wa miyala ngati inu akasangalala. Gwirani, jambulani, koma musiye pomwe mwapeza."

Panja a Tembo sanandipumitse. "Vuto yanu imwe ba ku Malawi ni ulemu. Munthu apempha mwala? Utola chabe, waika mu thumba, wayenda. Manje mwabauza, bazatiyangana monga nkhuku yamene yangena mu khichini." Mtedza uja anaudya okha m'galimoto, akundinyoza pakati pa kutafuna.

Tsiku lachiwiri

Tinalowa mu mtsinje wouma uja dzuwa litangotuluka. Munalibe dontho la madzi, munali miyala yoyera yokhayokha, ina yaikulu ngati ng'ombe, yosalala ngati yapukutidwa. Mphepo inkawomba mwamphamvu moti chipewa ndinachiika m'chikwama. M'mbali munali mitengo ya masamba ofiira psuu, ndi ina ya makungwa osendeka, thunthu lake losalala ngati mkono wa munthu. A Tembo ankadandaula za maondo awo. Ine ndinkalumpha kuchoka pa mwala kupita pa wina ngati mbuzi.

Titayenda nthawi ndithu, mtsinjewo unathera pa masitepe. Ndikunena masitepe enieni, ana anga, okwera m'mwamba, koma opanda munthu amene anawamanga. Mwalawo unagona mizeremizere, mzere uliwonse wochindikala ngati chikhatho changa, wowongoka ngati mmisiri anakoka chingwe. Ndinagwada n'kuyamba kuyeza ndi dzanja. Ndinafunafuna pamene pali simenti kapena pamene chida chinadutsa, sindinapapeze. Ntchito imene ife tikanaigwira chaka chathunthu ndi makina, apa inangokhala pa mtetete, abuluzi akuothera dzuwa. Ndinatsegula botolo langa n'kuthira madzi pang'ono pa sitepe imodzi, monga a Walter ankachitira ndi chala. Mwalawo unada, ndipo zinthu zinatuluka: tina ngati mpunga wotayika, tina ngati mikanda, tizigoba tothyoka tambirimbiri. Ndinathira pena, chimodzimodzi. Ndinakwera, ndinathira, chimodzimodzi. "Inali nyanja!" ndinakuwa. "A Tembo, inali nyanja ndithu! Tikuyenda pansi pa nyanja!" Mawu anga anagunda khoma n'kubwerera. A Tembo anati, "Muzasiliza manzi yakumwa kusambika myala, tizafa na njota pansi pa nyanja yanu iyo."

Pamwamba pa masitepewo njira inalowa pakati pa makoma awiri aatali, oyandikana ngati kanjira ka m'nyumba, thambo likuoneka ngati kansalu kabuluu kumwamba. Mphepo inkalira podutsamo. Ndinayenda ndikusisita khoma ndi dzanja, ndikuganiza za bambo anga, amene anamwalira akudziwa mwala uwu ngati chinthu chowotcha basi, ndi za a Walter, amene ankanena zoona zaka zonse zija ine ndikuwavomera mwaulemu ngati mwana wonama.

Pobwerera ndi pamene ndinauona mwala wa a Walter. Unali m'timiyala ta pansi, theka lake litakwiririka, wokwana bwino m'dzanja. Pamwamba pake panali chigoba chathunthu, mizere yake yotambasuka kuchokera pa nsonga imodzi ngati mchira wa nkhunda. Sunali wofuna nyundo kapena kukumba. Dzanja langa linautola mutu usanaganize, ndipo ndisanadziwe unali m'thumba la jekete. Ndinayang'ana kumbuyo ndi kutsogolo. Munalibe munthu mu mtsinje monsemo. "Eya," anatero a Tembo. "Manje mwachita monga munthu wa nzelu. Tiyeni."

Ndinayenda nawo mwina theka la ola. Mwalawo unkagunda pa nthiti pa sitepe iliyonse. Ndinkaona dzanja la a Walter likutambasuka, ndinkamva mmene mpweya wawo ukulirira, ndipo ndinkadziuza kuti phiri lalikulu chonchi silingasowe kamwala kamodzi. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinalephera kuchizungulira. Ndikanapanda kupempha, ndikanatha kunena kuti sindinadziwe. Koma ndinapempha, ndi chipewa m'manja, ndipo ndinayankhidwa momveka. Kwathu munthu amene wapempha, wamanidwa, n'kubwerera kukatenga, ali ndi dzina limodzi lokha, mbala, ndipo ulemu wake uja umasanduka chinyengo. Ndinaima.

"A Tembo, ndibwerera."

"Mwaibala chani?"

"Ndikaubweze."

"Mayo ine! Ponyani apa chabe, myala ni myala!"

Sindinawamvere. Ndinabwerera ndekha, iwo atakhala pa mwala akundinyoza. Malowo ndinawapeza, chifukwa kadzenje kamene unachokamo kanali kakadali konyowa pansi. Ndisanaubweze ndinakhala pansi n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Ndinawerenga mizere yake ndi chikhadabo, ndinatseka maso n'kuupapasa, ndinautembenuza mbali zonse, kuti mwina ndikathe kuwafotokozera a Walter bwinobwino. Ndinaujambulanso ndi kamera ya a Tembo, koma dzuwa la kumeneko ndi lankhanza, chithunzicho chinadzatuluka choyera ngati pepala. Kenako ndinaulowetsa m'kadzenje kake mmene unalili, chigoba chili m'mwamba.

M'ndege a Tembo anandipatsa nzeru ina. Anati ndikatole chidutswa pa bwalo lathu ku Landover, chokhala ndi tizigoba, ndikanene kuti ndi cha ku Texas. Ndinawauza kuti a Walter amadziwa mwala uliwonse wa pa bwalo lawo monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Koma ndikuuzeni zoona, ndinaiganizira nzeruyo mpaka ndege inatera.

Novembala ndi Disembala, ku Rockville

Ndinazengereza masiku anayi ndisanapite. Mayi Ruth atatsegula chitseko, a Walter anali atatambasula kale dzanja.

"Uli kuti?"

"Sindinabwere nawo, bwana."

"Sunaupeze?"

"Ndinaupeza. Ndinaunyamula. Ndinaubweza."

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. "Zaka khumi ndi chimodzi," anatero. "Inde bwana, inde bwana, ngakhale ndikulakwitsa, ngakhale ndikukutuma zopusa. Tsiku limodzi lokha limene ndakupempha kanthu ka ine mwini, ndiye wasankha kukhala ndi maganizo ako?" Ndinayang'ana pansi. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa khomo la paki. Nditafika pa mtedza ndi tiyi, anandiimitsa. "Unapita kukapempha mwala kwa boma la America. Ndi mtedza." Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa, Mayi Ruth anathamanga ndi madzi. Koma chifuwa chitatha nkhope yawo inali yolimba monga poyamba.

"Unauona bwino?"

"Ndinauona."

"Mizere ingati?"

"Khumi ndi isanu ndi inayi. Iwiri ya kumanja ndi yothyoka kunsonga. Pakati pali pokwera pang'ono, ngati msana wa mphuno."

Anandiyang'ana mwa mtundu wina. "Ruth, kanditengere chikopa chija m'galaja." Chinali chikopa chokulungidwa, mkati mwake muli matchizulo awo osemera. Pa bwalo lathu kusema maluwa ndi masamba a pamwamba pa zipilala inali ntchito ya iwo okha, ndipo zida zimenezo palibe amene ankazikhudza. Mayi Ruth atabwera nacho, a Walter anandiponyera pa miyendo. "Ndiye ukandisemere. Kuchokera m'mutu mwakomo."

"Bwana, ine sindinasemepo. Ndine wa pa nsanja."

"Sindinakufunse."

Umo ndi mmene ndinayambira ntchito imene ndinadzaigwira zaka zonse zotsala mpaka kupuma. Tsiku lililonse tikaweruka ndinkakhala pa benchi yawo ndi chidutswa cha mwala wotsala. Poyamba tchizulo inkathawa, mwala unkathyoka, zala zinatupa. Koma pamene mzere woyamba unatuluka woyera bwino pansi pa chitsulo, ndinamva chimodzimodzi monga ndinamvera pa masitepe aja, ndipo ndinaiwala kuti ndine munthu wamanyazi, ndinayamba kuimba pa bwalo anzanga akumva. Choyamba chimene ndinasema ndinapita nacho ku Rockville patatha sabata ziwiri. Anachiyang'ana kamodzi. "Iyi ndi bisiketi." Chinapita m'bini. Chachiwiri anachisunga m'manja pang'ono ndithu, nachiyendetsa chala. "Mizere yako ndi yofanana kwambiri. Nyanja siyeza ndi rula. Ndipo ukuopa kulowa mkati. Usapemphe mwala chilolezo, Lameki, dula." Anandionetsa ndi dzanja lopanda kanthu mmene ndigwirire tchizulo chopendeketsa, n'kundithamangitsa.

Chachitatu ndinachimaliza Khirisimasi ili pafupi. Nthawi imeneyo anali atawasamutsira pa bedi m'chipinda chochezera, ndipo mawu awo anali otsika moti ndinkachita kuwerama. Ndinawaika mwalawo m'dzanja. Anatseka maso. Chala chawo chachikulu chinayenda pa mizere umodzi umodzi, chinakwera pakati paja, chinafika kumanja, chinaima pa iwiri yothyoka. Ine ndinali nditaimirira, chipewa chili m'manja.

"Si mwala wanga uwu," anatero.

Ndinaganiza kuti ndalephera. Ndinati, "Ayi, bwana, si umenewo." Ndinatenga chikopa cha matchizulo chimene ndinabwera nacho n'kuchiika pa tebulo la pambali pa bedi, pakati pa mabotolo a mankhwala.

"Chotsa zimenezo pamenepo, ukuzisiyira ndani? Ine ndilibe mpweya wozigwiritsira ntchito." Ndinachinyamulanso. Anatsegula maso, koma sanayang'ane ine. Anakweza mwala uja pang'ono, kuloza kwa akazi awo.

"Ruth, uike pa windo. Chakuno, kumene kumafika dzuwa la m'mawa. Ayi, usiye kaye. Ndiugwirebe pang'ono."